Tiwayamike amene anapepukitsa masamu a rada ya galimoto

Ku Ruarwe galimoto sifika. Wofuna kupita kumudziwu, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, amakwera boti, amadikira sitima ya Ilala, kapena amayenda pansi kuchokera ku Usisya m'kanjira kotsata mapiri ogwera m'nyanja. Choncho wina angafunse kuti nkhani ya rada ya galimoto ikuwakhudza bwanji anthu a kumeneko. Ikuwakhudza chifukwa munthu wa ku Ruarwe sakhalira kwawo kokha. Mayi wodwala akatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Mzuzu, wamalonda akanyamula usipa kupita nawo ku Mpamba, mwana akasankhidwa kusekondale ya ku Chintheche, onsewa akatsika boti amaponda msewu wa M5. Ambiri amauponda ali pansi, ali pa kabaza, kapena atapanikizana mu Sienta. Lipoti la bungwe la WHO la 2023 linati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye amataya ambiri kuposa zigawo zina zonse, ngakhale kuti galimoto zake n'zochepa.

Amene tikuwayamikira lero mayina awo salembedwa pa galimoto iliyonse. Ndi akatswiri a masamu ndi mainjiniya amene kwa zaka 60 akhala akulimbana ndi funso looneka laling'ono: kodi makina angadziwe bwanji mbali imene chinthu chili, mwachangu, osawononga magetsi ambiri, komanso osafuna kompyuta yodula? Ife tikuti ntchito yawo yochepetsa kuwerengetsa ndi imene yatsitsa chipangizo chopulumutsa moyo kuchoka m'galimoto za mabwana kufika m'galimoto zimene Amalawi tingakwanitse kuitanitsa.

Rada ya galimoto ndi kabokosi kakang'ono kobisika kuseri kwa bampala kapena kuseri kwa chizindikiro cha kampani kutsogolo kwa galimoto. Kamatumiza mafunde a wailesi a pakati pa 76 ndi 81 GHz n'kumvetsera amene abwerera atagunda chinthu. Mafundewa amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, moti chinthu chikakhala pa mamita 150, ulendo wopita ndi kubwera umatha m'gawo limodzi la magawo 1 miliyoni a sekondi. Kuchedwa kwa funde lobwerera kumanena mtunda. Kusintha kwake pakati pa kutumiza kumodzi ndi kotsatira kumanena liwiro. Ziwirizi rada imazidziwa bwino kwambiri, usiku ndi usana, m'mvula ya ku Nkhata Bay ngakhalenso m'chifunga cha m'mapiri a ku Mzuzu, momwe kamera ndi maso a dalaivala zimavutika.

Chachitatu, chomwe ndi mbali imene chinthu chili, ndicho chimavuta. Mtengo wa mphira wa ku Vizara, mnyamata wogulitsa mipira m'mbali mwa msewu, ndi mbuzi yoima pakati pa msewu, zonse zingathe kukhala pa mamita 50 ndipo zonse sizikuyenda. Galimoto iyenera kuimira mbuzi, kusamala mnyamata, n'kuusiya mtengo. Rada yosadziwa mbali ili ndi zochita ziwiri, ndipo zonse n'zoipa: kugwira buleki pa chilichonse mpaka dalaivala atatopa nayo n'kuizimitsa, kapena kunyalanyaza zonse.

Njira yodziwira mbali aliyense wokhala kunyanja anaionapo ndi maso. Mabwato akandandalikidwa m'mphepete mwa madzi, funde lobwera molunjika limawanyamula onse nthawi imodzi. Funde la mwera lobwera chopendekera limayamba kunyamula bwato la kumapeto, kenako lotsatira, kenako linalo. Munthu amene akuona mabwato okha, nyanjayo osaiona, angathe kunena kumene funde likuchokera poona kusiyana kwa nthawi imene bwato lililonse lanyamuka. M'rada, m'malo mwa mabwato muli tieriyo tondandalikidwa pa bolodi. Funde la 77 GHz n'lalitali mamilimita 3.9 okha, ndipo tieriyoti timatalikirana theka la pamenepo, pafupifupi mamilimita 2. Funde lobwerera limafika pa kalikonse mosiyana pang'ono zedi, ndipo kusiyanako ndi kumene makina amasandutsa madigiri.

Pakakhala chinthu chimodzi, masamu ake n'ngosavuta. Msewu weniweni sukhala ndi chinthu chimodzi. Mafunde obwerera kuchokera kwa munthu, ku minibasi, ku chitsulo cha mlatho ndi ku phula lenilenilo amafika osakanikirana, pamodzi ndi phokoso la magetsi a m'kabokosimo. Mzere wa tieriyo 8, pogwiritsa ntchito masamu wamba, umalekanitsa zinthu ziwiri pokhapokha zitatalikirana madigiri pafupifupi 14. Pa mamita 50, madigiri 14 ndi mamita 12 m'lifupi. Msewu wodutsana galimoto ziwiri umakhala wa mamita 7 kapena kucheperapo. Zikutanthauza kuti mayi woima pambali pa minibasi imene ikutsitsa anthu ku Kande, iye ndi minibasiyo amaoneka ngati chinthu chimodzi, ndipo popeza chitsulo chimabweza funde mwamphamvu kuposa thupi la munthu, wosowa pachithunzicho ndi mayiyo.

Kuti aoneke, pafunika tieriyo tambiri, kapena masamu ochenjera, kapena zonse ziwiri. Chilichonse mwa izi chimachulukitsa ntchito yowerengetsa, ndipo galimoto ilibe nthawi. Rada zambiri zimapenda msewu mwatsopano pafupifupi ka 20 pa sekondi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi, kutanthauza kuti pakati pa kupenda kumodzi ndi kwina yasuntha kale kupitirira mita. Yankho lolondola koma lochedwa lilibe ntchito. Kabokosiko kalinso padzuwa, m'fumbi, kopanda fani yoziziritsa, ndipo kampani yopanga galimoto ikufuna kukagula motchipa chifukwa ikugula mamiliyoni.

Oyamba kuwatchula si anthu a galimoto n'komwe. Mu 1965 James Cooley wa ku IBM ndi John Tukey wa ku Princeton anasindikiza njira yachidule yolekanitsira mafunde osakanikirana, imene lero imadziwika kuti FFT. Pa manambala 1,024, njira yakale inkafuna kuchulukitsa kopitirira 1 miliyoni. Njira yawo inkafuna pafupifupi 10,000 basi, yankho n'kukhala lomwelo. Pambuyo pake zinadziwika kuti Carl Friedrich Gauss anali ataitulukira kale cha m'ma 1805 n'kuisiya m'zolemba zake osaifalitsa. Palibe rada ya galimoto ya masiku ano imene sidalira FFT, ndipo tichipu tambiri tili ndi kachigawo kapadera kongochita ntchito imeneyi.

Mu 1969 Jack Capon wa ku Lincoln Laboratory ku America anapeza njira yoonera mbali mwakuthwa kuposa kale. Iye ankagwira ntchito ndi zipangizo zomvetsera kugwedezeka kwa nthaka zimene zinayalidwa ku Montana pofuna kudziwa ngati dziko lina laphulitsa bomba la nyukiliya pansi pa nthaka. Mu 1979 Ralph Schmidt anabweretsa njira yotchedwa MUSIC, imene imapatula funde lenileni ku phokoso ndipo ingathe kulekanitsa zinthu zoyandikana kwambiri ngakhale tieriyo tili tochepa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Richard Roy ndi Thomas Kailath a ku Stanford anatulutsa ESPRIT, imene imapeza madigiri mwachindunji, osayesa mbali iliyonse imodziimodzi monga imachitira MUSIC. Kailath anabadwira ku Pune ku India, ndipo n'zoyenera kuti mwana wa fomu 4 ku Usisya amve zimenezo.

Njira zakuthwazi zinali zokongola papepala koma zolemera kuzinyamula. Masamu a pakatikati pa MUSIC amakula moti ukawirikiza tieriyo kawiri, ntchito imawirikiza ka 8. Imafunanso kumvetsera kambirimbiri isanayankhe, pomwe pamsewu zinthu zimakhala zasintha kale. Imasokonezekanso funde limodzi likafika kudzera njira ziwiri, ina yolunjika, ina yonjanja paphula. Apa m'pamene pali ntchito imene tikuiyamikira kwambiri, ya anthu ambirimbiri a m'mayunivesite ndi m'makampani monga Bosch, Continental, Denso, Infineon, NXP ndi Texas Instruments, amene anaumba masamuwa kuti akwane m'kabokosi.

Nzeru yawo yaikulu ndi yokana kugwira ntchito yosafunika. Rada imayamba yasanja zonse zobwerera motsata mtunda ndi liwiro, pogwiritsa ntchito FFT yotchipa ija. Mwa tizigawo masauzande ambiri timene timatuluka, tambiri timakhala topanda kanthu, ndipo timatayidwa pomwepo. Masamu a mbali amachitika pa tochepa totsalato. Ngakhale pamenepo, makina amayamba ndi kuyerekeza kwachisawawa, n'kudzapenda mosamala pokhapo pamene pakuoneka kuti pali chinthu. Ngati chizindikiro chikuonetsa kuti chinthucho n'chimodzi, njira yopepuka imakwanira. Njira yolemera imasungidwira pamene pali chikayiko choti mwina n'ziwiri, monga mayi uja ndi minibasi. Manambala amene sasintha amawerengetseratu kufakitale n'kuwasunga m'chipangizomo. Ena anapeza njira zotulutsira yankho kuchokera pa kumvetsera kumodzi kokha. Palibe chimodzi mwa izi chimene chingalembedwe pa tsamba loyamba la nyuzipepala, koma n'zimene zinapangitsa kuti ntchito yofuna kompyuta yapadesiki itheke pa kachipu kodya mawati ochepa.

Nzeru ina ndi ya MIMO. M'malo moika tieriyo tolandira 12, amaika totumiza 3 ndi tolandira 4, totumizato n'kumasinthana kapena kutumiza mafunde osiyanitsika. Masamu akaphatikiza, zimakhala ngati pali tolandira 12. Kulumikiza tichipu 4 totere kumapereka totumiza 12 ndi tolandira 16, zomwe n'chimodzimodzi tieriyo 192. Rada zamtunduwu, monga ARS540 ya Continental, zimalekanitsa zinthu zotalikirana digiri 1 kapena 2. Pa mamita 50, digiri imodzi ndi yosakwana mita. Mayi uja tsopano waoneka payekha.

Rada zatsopanozi zimaonanso kutalika kwa chinthu kuchoka pansi, ndipo kwa ife ichi n'chofunika kuposa mmene chikumvekera. Makina oyambirira osunga mtunda pakati pa galimoto ankanyalanyaza dala zinthu zosayenda, chifukwa sankatha kusiyanitsa chikwangwani chopachikidwa pamwamba, chivundikiro chachitsulo chapansi, ndi galimoto yoima. Komatu chinthu chosayenda ndicho chimatipha kuno: lole yofera pakona usiku, yopanda magetsi, chenjezo lake lili nthambi zamasamba zoyalidwa pamsewu. Aliyense woyenda pa M5 kapena pa M1 ku Chiweta amaidziwa. Rada yodziwa mbali ndi msinkhu ingathe kunena kuti ichi n'chachitali mamita atatu, chakhala pansi, ndipo chili m'njira yanga.

Zotsatira za kupepukitsa kumeneku zimaoneka bwino tikayang'ana galimoto za ku Japan, popeza ndizo timaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 rada inali ya Mercedes-Benz S-Class. Mu 2003 Toyota ndi Honda anaiika m'galimoto zawo zodula kuti izichenjeza ngozi isanachitike. Galimoto zazing'ono sizinaione. Pamene Daihatsu inabweretsa buleki yodzigwira yokha mu 2012, inagwiritsa ntchito leza, imene inkagwira ntchito pa liwiro lochepa lokha. Mu 2015 Toyota inagawa makina ake pawiri: galimoto zazikulu zinalandira rada ndi kamera, pomwe zazing'ono monga Vitz, Aqua ndi Sienta zinalandira leza ndi kamera. Chinasiyanitsa chinali mtengo. M'zaka zotsatira rada inayamba kupangidwa ndi silikoni wamba, wotumiza, wolandira ndi wowerengetsa onse n'kulowa m'kachipu kamodzi, ndipo mtengo unagwa. Sienta yatsopano ya 2022 inatuluka ili ndi rada. Kuyambira Novembala 2021 boma la Japan linalamula kuti mitundu yatsopano ya galimoto wamba zonyamula anthu zopangidwa m'dzikomo izikhala ndi buleki yodzigwira yokha, ndipo mayiko a European Union anachita chimodzimodzi pa galimoto zonse zatsopano kuyambira Julayi 2024. Boma silingalamule chinthu chimene anthu sangakwanitse kugula. Kafukufuku wa bungwe la IIHS ku America anapeza kuti makinawa amachepetsa ndi theka ngozi zogunda galimoto kumbuyo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Galimoto zimene zikugulidwa ku Nagoya ndi ku Osaka lero ndi zimene zidzakhale matakisi a pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay zaka 8 kapena 10 zikubwerazi, ndipo zina zafika kale eni ake osadziwa chimene chili kuseri kwa chizindikiro chakutsogolo.

Anthu a kunyanja ali ndi chifukwa china chotchera khutu. Rada inabadwira pamadzi. Mu 1904 Christian Hülsmeyer anaonetsa ku Cologne, pa mtsinje wa Rhine, makina oliza belu sitima ikamayandikira, cholinga chake chili choletsa sitima kuwombana m'chifunga. Eni sitima sanachite nawo chidwi, ndipo anaiwalika mpaka nkhondo inadzutsanso nkhaniyo. Rada ya sitima ya masiku ano imadziwa mbali pozunguza mtanda wautali pamwamba pa chipinda cha kapitawo. N'njira yodalirika, koma imafuna mota, magetsi ndi ndalama zimene mwini boti lamatabwa la injini imodzi sangazipeze, ndipo bwato losema silioneka bwino pa iyo, makamaka lili pafupi. Ku Ruarwe kulibe doko. Ilala, imene yakhala panyanjayi kuyambira 1951, imaima patali, anthu ndi katundu n'kumatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono pakati pa mabwato. Usiku asiginala, asodzi okopa usipa, amakhala panyanja ndi nyali zawo, koma mabwato ena amayenda mumdima. Kachipu kopanda chozungulira, kotha kuyendera batire ya sola, koona mamita 100 kapena 200 kutsogolo, n'koyenera kuyesedwa pamalo ngati amenewa. Sitikunena kuti ingochotsedwa pa bampala n'kumangidwa paboti. Madzi ogavira amabweza mafunde mosokoneza, ndipo masamu opangira phula ayenera kukonzedwanso. Koma imeneyo ndiyo ntchito yoyenera ophunzira a uinjiniya ku MUBAS, ku MUST ndi ku yunivesite ya Mzuzu, mothandizana ndi sukulu ya zapamadzi ya ku Monkey Bay. Mabolodi oyeserera a rada yotereyi amagulitsidwa poyera, ndipo masamu a FFT, MUSIC ndi ESPRIT ali m'mabuku. Kafukufuku wotere akanakhala loto zikanakhala kuti akufunabe kompyuta yodzaza chipinda.

Kuyamikira kwathu kuli ndi malire ake. Rada imauza buleki kuti igwire, koma siingagwiritse buleki yotha kapena tayala lopanda mano, ndipo Sienta ya anthu 7 ikanyamula 11 ndi matumba a chinangwa mtunda woimira umatalika mosasamala kuti kachipu kawerengetsa msanga bwanji. Makinawa anayesedwa kwambiri m'misewu ya ku Germany, Japan ndi America, kumene kulibe njinga yonyamula matumba a makala opingasa kapena msika wosefukira paphula. Kafukufuku wa kunja komweko waonetsanso kuti buleki yodzigwira yokha imavutika kuteteza oyenda pansi usiku pamalo opanda magetsi, chifukwa makina ambiri amafunabe kamera kuti itsimikize kuti chimene rada yaona ndi munthu. Usiku wopanda magetsi ndiwo usiku wa misewu yathu yonse ya kumudzi. Ndipo njira yoyenda anthu m'mbali mwa msewu pa Mpamba, pa Chintheche ndi pa Kande ingapulumutse anthu ambiri chaka chino kuposa rada zonse zimene zili m'dziko muno. Amene angagwiritse ntchito nkhani ya makinawa ngati chifukwa chozengerezera zimenezo sanatimvetse.

Palinso mbali imene ili m'manja mwathu, ndipo ikuchokera m'masamu omwewa. Chipangizo choyeza madigiri chimafuna kuloza molunjika. Kabokosi kakapendekera ndi digiri imodzi yokha, chinthu cha pa mamita 100 chimaoneka chitasuntha mamita 1.7, theka la mbali imodzi ya msewu. Galimoto yobwera kutsogolo m'mbali mwake ingaoneke ngati ili m'njira yako, kapena njinga imene ili m'njira yako ingaoneke ngati ili kutchire. Kwathu kuno galimoto ikagunda, imapita kwa owongola, bampala n'kumangidwa ndi waya kapena kumatidwa ndi phala lochindikala ndi penti. Ena amaika chitsulo chotchinga kutsogolo poopa ng'ombe, ena amasintha chizindikiro chosweka n'kuikapo chogula pamsika chimene mafunde sadutsa bwino. Amakaniko athu si osadziwa ntchito. Anaphunzira okha makina ojambulira matenda a injini pamene galimoto zamakompyuta zinafika, ndipo izinso angaziphunzire msanga atapatsidwa mpata. Kulozetsanso rada kumafuna malo osalala, chitsulo chobweza mafunde choikidwa pa mtunda woyezedwa, ndi kompyuta yolumikiza kugalimoto.

Tikupempha TEVETA kuti iike ntchito imeneyi m'maphunziro a umakaniko ndi uwongoli m'makoleji monga Mzuzu Technical College galimotozi zisanachuluke. MACRA, imene imayang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno, ionetsetse kuti gawo la 76 mpaka 81 GHz likutetezedwa mogwirizana ndi zimene mayiko anamvana ku Geneva mu 2015. Ndipo a Road Traffic, poyeza galimoto kuti ilandire COF, ayambe kuyang'ana ngati nyali yochenjeza za rada ikuyaka pa dashibodi, monga amayang'anira mabuleki ndi magetsi, n'kumufunsa mwini galimoto kuti bampala inakonzedwa liti komanso ngati kabokosiko kanalozetsedwanso.